Filimu ya Mkazi Wodikira Basi

Lolemba
Ndakatulo palibe akuwerenga. Kabuku kanga kali mu laibulale ya pasukulu chaka chachitatu, wobwereka ndine ndekha. Koma mu minibasi ya ku Chipata aliyense maso ali pa foni, kuonera filimu. Ndaganiza: ndakatulo yanga ya mkazi wodikira mwamuna amene anapita ku Lusaka ikhala filimu.
Zofunika:
- foni ya mlamu wanga, pamodzi ndi mwini wake
- mkazi wodikira: amayi Tembo, ogulitsa zovala zakale za salaula pamsika
- mwamuna: a Sakala, a njinga yonyamula anthu
- dzuwa

Lachiwiri
A Sakala akudandaula kuti akuoneka kawiri kokha, pokwera basi ndi pachithunzi cha pakhoma. Akufuna ndewu. Ati filimu yopanda zibakera ndi ulaliki. Ndikuwafotokozera kuti katswiri weniweni amalankhula ndi maso. Amva. Abwera atavala magalasi akuda.

Lachitatu
Tikujambula pasiteshoni. A Sakala akwere, atsike, akwerenso. Kondakitala sakumvetsa za luso. Ulendo wachitatu basi yanyamuka nawo, akatsikira ku Sinda! Ine ndi mlamu tikulondera njinga yawo mpaka madzulo.

Lachinayi
Akazi a Sakala afika. Amva pachitsime kuti amuna awo atsanzikana ndi amayi Tembo katatu, atagwirana manja. Akhala pabenchi, chitenje chili m'chiuno. "Gwiranani, nanenso ndione."
Palibe wagwira mnzake. A Sakala asiya sewero. Mwamuna wa mu filimu tsopano ndi jekete yopachika pamsomali. Siikangana nane.

Lachisanu
Amayi Tembo akukana mzere wanga wapamtima, uja woti mtima wanga ndi mbalame yothyoka phiko. Ndinaulemba miyezi iwiri! Ati munthu wodikira salankhula choncho. Ndikufunsa kuti nanga amalankhula bwanji.
"Aphunzitsi, amangofunsa kondakitala ngati waona munthu wamtali, wa chipsera pachibwano."
Akupinda malaya a salaula, osandiyang'ana. Amuna awo anakwera basi ya ku Lusaka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mlamu amadziwa. Msika wonse umadziwa. Wosadziwa ndine ndekha, mlembi, amene ndimauza ana m'kalasi kuti wolemba ayenera kukhala ndi maso.

Loweruka
Ndapita kukapepesa kwa amayi Tembo ndi kuwauza kuti tasiya. Akana. Ati mafilimu amayenda kutali, mwina iyi ikafika pa foni ya munthu wa ku Lusaka.
Aimirira m'mbali mwa msewu ndi chitenje cha masiku onse. Mabasi atatu adutsa, ndipo iliyonse akuiyang'ana zenera ndi zenera, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Pepala la ndakatulo lili m'thumba mwanga, sindikulitulutsa. Mlamu akujambula mpaka foni yazima. Ati mawa akupita nayo ku Vubwi kukagula nshawa, kujambula kwatha.

Lamulungu
Filimu yonse ndi mphindi zinayi. Mawu anga mulibe ngakhale amodzi. Ndaionera kasanu ndi mlamu asananyamuke, ndipo sindinapangepo chinthu chabwino chotere, ngati ndapanga ndine.
Mlamu akufunsa kuti dzina langa alilembe poyamba kapena pomaliza. Ndamuuza alembe la amuna a amayi Tembo, zilembo zikuluzikulu, atumize kwa makondakitala onse amene akuwadziwa.
Langa alisiye. Ndili ndi makope oti ndichonge.