Ndinanama njira, nyumba n'kupezeka

Pali anthu amene akanama amagwidwa, pali ena amene amapulumuka. Ine ndili m'gulu langalanga: ndinanama, mpingo wonse n'kundiombera m'manja, ndipo mpaka lero ndikulipira ndi miyendo yangayi. Ndikukuuzani inu poti simundidziwa.

Ndinabwera ku Mzimba kudzagulitsa matabwa a bwana wina amene amacheka ku Chikangawa. Kwathu ndi ku Ntchisi, ndipo mkazi ndi ana ndinawasiya komweko akusamala munda. Miyezi yoyamba inandizunza. Chitumbuka changa chinali "yewo" basi, ndipo ndinkathokoza paliponse, ngakhale munthu atandiponda phazi. Ndikaweruka ndinkacheza ndi wailesi.

Anandipulumutsa ndi amama NyaShaba, mayi wamasiye wa mumpingo mwathu. Anandikokera ku chigawa chawo (kwathu timati mlaga, kagulu kaja kopempherera m'makomo mkati mwa sabata). Lachinayi lililonse tinkakumana pabalaza pawo. Tinkawerenga mawu, aliyense n'kufunsa chomwe sanamve popanda womuseka, kenako n'kufunsana za kunyumba. Nditadwala malungo, anthu amenewa ankasinthana kundiphikira phala. Ankanditcha adada a matabwa, ndipo ndinali ndi malo angaanga, kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo lakukhitchini. (Musandiganizire zoipa. Chabwino, ganizani. Tikati ameni, kukhitchiniko kunkatuluka chindongwa, thobwa la kuno, ndi chinaka, chija ena amati chikande, ndipo mbale inkayambira kwa amene ali pafupi.) Koma kunena zoona, si chakudya chokha. Pabalaza paja ndi pokhapo pomwe ndinkaiwala kuti ndine mlendo.

Tsono mpingo wathu uli ndi mwambo. Chigawa chikakula mpaka anthu kuyamba kukhala pakhonde, chimabereka. Amachigawa pakati, chifukwa amati m'chigulu wamanyazi amabisala ndipo wodwala sadziwika. NyaShaba ankaukonda mwambowu. Ankati chigawa chili ngati nthochi, chosaphuka ana ndiye kuti chikufa. Aliyense ankadziwanso kuti malire adzakhala msewu: okhala tsidya lino adzatsala kwa NyaShaba, atsidya linalo adzakayamba kwina. Ine ndinkakhala tsidya linalo. Ndipo pabalaza panali patadzaza kale, moti mwamuna wina ankapemphera atapanikizika pakati pa kabati ndi khoma.

Pa nthawi yomweyo mkulu wa mpingo anandipatsa udindo wolandira alendo olankhula Chichewa tsiku Lamulungu ndi kuwalondolera ku chigawa. Uku kunali kusungitsa mbuzi kwa fisi.

Oyamba kugwa m'manja mwanga anali a Namaona ndi akazi awo, a ku Thyolo, atangobwera kumene kudzagwira ntchito yocheka. Anthu aulemu, a nkhope zowala. Nditawayang'ana sindinaone miyoyo iwiri yofuna Mulungu, ndinaona anthu awiri atakhala pakhonde pa NyaShaba. A Namaona atandifunsa komwe chigawa chimakumana, pakamwa panga panangoyamba pokha. Ndinawauza kuti atuluke m'tauni ngati akupita ku Manyamula, adutse chigayo, awoloke kamtsinje, akwere chitunda, ndipo akapeza nyumba ya chitseko chobiriwira, pabwalo pali mtengo wa mapeyala. Ndinaonjeza kuti ndi kagulu kakang'ono, asadabwe. Kumeneko ndinali ndisanapiteko. Chigayo ndinachimanga ndekha m'mutu, peyalalo ndinadzala pomwepo ndili chiimire. Ndinkati akasochera kamodzi adzagwa ulesi.

Lachinayi linafika, a Namaona sanaoneke kwa NyaShaba, ine n'kumwa chindongwa mtima uli m'malo. Zitayenda choncho ndinazolowera. Mphunzitsi wina wa ku Dowa ndinamutumiza komweko. Atsikana awiri osoka zovala, komweko. Dalaivala wa lole, komwekonso. Njirayo ndinailoweza mpaka ndinkailongosola ndi manja, n'kumachenjeza anthu za mwala woterera pakamtsinje. Ndinkadziona wochenjera kwabasi. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsiku lina kumsika ndinangomva munthu wandigwira paphewa. Anali a Namaona. Ndinakonzeka kulandira khofi, koma iwo anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Achimwene, Mulungu akudalitseni. Munatilondolera bwino, sitinafunse n'komwe munthu. Koma bwanji inuyo simubwera?"

Ndinati ntchito yandichulukira. Atapita ndinatsala kukamwa kuli yasa. Kodi amandinyogodola? Kapena anthu a ku Thyolo amakwiya momwemo?

Lachinayi lotsatira ndinauza NyaShaba kuti mutu ukundiwawa (bodza likabadwa silikhala lokha), n'kubwereka njinga. Ndinatsatira njira yanga yomwe. Nditayenda ndithu, ndinamva phokoso la injini. Chigayo. Ndinadzilimbitsa mtima kuti zigayo zili paliponse. Kutsogolo pang'ono, kamtsinje. Mwala woterera unalipo ndithu, ndipo ndinautsimikizira ndi matako. Ndinakwera chitunda ndikukankha njinga, thalauzi itanyowa, mphepo ya ku Mzimba ija ikundilowa mpaka m'mafupa. Pamwamba panali nyumba ya chitseko chobiriwira. Mtengo wake unali wa mango, osati wa mapeyala, koma panthawiyo zimenezo sizinanditonthoze. M'nyumbamo anthu ankaimba.

Munthu wanzeru akanabwerera. Ine ndinafuna kusuzumira. Ndinabisa njinga m'tchire, n'kuzungulira kuseri kudzera m'mbali mwa khola la ng'ombe. Phazi langa lamanja linatitimira m'ndowe mpaka m'kakolo, ndipo pozula linatuluka lokha, nsapato itatsala. Ndikuwerama kuti ndiifukule, galu anandiona. Ndinaliyatsa liwiro, koma munthu wa nsapato imodzi sapita patali. Ndinakwera pamwamba pa mulu wa nkhuni, nkhunizo n'kugumuka nane. Nyimbo inaima, ndipo anthu onse amene ndinawasocheretsa anatuluka n'kundizungulira, ena ndisakuwadziwa n'komwe chifukwa anzanga aja anali ataitananso anzawo.

Ndinayembekezera kuti wina akuwa kuti wakuba. M'malo mwake a Namaona anauza anthu kuti uyu ndi munthu uja, ndipo amayi anayamba kululutira. Ananditsuka phazi, wina anakafukula nsapato, n'kundilowetsa m'nyumba ngati mkwati.

Pakona panali bambo wokalamba, ndodo ili pambali, miyendo yotupa ataisanjika pa kampando. Anali adada Zgambo, eni nyumba. A Namaona anandinong'oneza kuti tsiku loyamba lija anapeza bamboyu ali yekha. Atafunsa ngati chigawa chili pano, iye anangoti alowe. Iwo anayambitsa nyimbo, bamboyo anatulutsa Baibulo lake lachitumbuka, basi chigawa chinayamba.

Adada Zgambo anandiitana ndi dzanja kuti ndiyandikire.

"Monire, mwana wane. Ndiwe watuma anthu awa?"

Ndinati yewo. (Mwaona, Chitumbuka changa sichinkandithandiza.)

"Ine ndinali wa kwaya mumpingo wanu womwewo," anatero, Chichewa chake chikukoka Chitumbuka. "Miyendo itakana, anthu anabwera kamodzi, kawiri, mbwenu basi. Amama ako, mkazi wanga, atamwalira, khomo ili linkangotsegulidwa ndi mphepo. Ndimati mpingo wandiiwala. Kasi iwe unandidziwa bwanji?"

M'nyumba monse aliyense ankadikira umboni. Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire, ndipo misozi inali pafupi. Ndinangoti njira ndinachita kupatsidwa. Anthu anati ameni wamphamvu. Amene anandipatsa njirayo sindinamutchule, chifukwa ndikukayika kuti anali wakumwamba.

Lamulungu lotsatira abusa anandiimiritsa kutsogolo. Anauza mpingo kuti ena amadikira khonde lidzaze, koma pali mbale wina wodzichepetsa amene wabereketsa chigawa mwakachetechete, osafuna n'kutchuka komwe. Anati atsogoleri onse atengerepo phunziro. Kenako analengeza kuti, poti masomphenyawo anali anga, kuyambira sabata imeneyo ndizikatsogolera kwa adada Zgambo Lachinayi lililonse. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinkangoona benchi langa likupita.

Titatuluka ndinapita kwa NyaShaba n'kuwauza zonse, kuyambira chigayo mpaka nsapato. Ndinkayembekezera kuti akwiya n'kukauza abusa kuti andichotse, ndibwerere pamalo panga (inde, ngakhale kulapa kwanga kunali ndi nzeru zake). Iwo anaseka mpaka kutsokomola, n'kumapukuta misozi ndi chitenje.

"Adada a matabwa, njira munanama, kweni nyumba inali yoona. Lutani, pitani ndithu. Ndapota, munthu yule musamusiyenso yekha."

Ndinafunsa ngati ndingamabwerebe mwa apo ndi apo. Anati khomo ndi lotsegula tsiku lililonse kupatula Lachinayi. Anandipatsa chigubu cha chindongwa kuti ndikayambire, n'kundiuza kuti chigubucho ndibweze.

Ndiye Lachinayi lililonse ndimapalasa njinga, kudutsa chigayo, kuwoloka kamtsinje, kukwera chitunda. Galu uja tinakhululukirana. Chindongwa cha kumeneko amaphika atsikana osoka aja, ndipo ndingoti kusoka amakutha. Malo anga pabenchi la NyaShaba anatenga mwamuna wa pakabati uja, ndipo ndikumva kuti wanenepa. Ine tsopano ndimakhala pafupi ndi adada Zgambo. Ndimawatsegulira tsamba, iwo amandikonza Chitumbuka, ndipo ndikachedwa amatumiza munthu kukandiyang'ana pamwala paja. Ndawazolowera, ndipo sindikufuna kusiyana nawo.

Vuto ndi loti sabata yathayi anthu awiri anakhala pakhonde. A Namaona ayamba kale kukamba za nthochi, ndipo akuti malire adzakhala kamtsinje. Ine ndimakhala tsidya linalo. Ndisaname, m'mutu mwanga mwayamba kumangika kanyumba kena, ka chitseko chachikasu. Chikundiletsa ndi chimodzi chokha: ku Mzimba kuno kakhoza kupezeka, mkati muli munthu akudikira, ndipo kakhoza kukhala kutali uko ku Euthini.