Mamendulo Khumi ndi Awiri a Atelala

Atelala a mumsewu mwathu analibe galimoto ngakhale njinga, koma ankayenda ngati munthu amene banki imamugwadira. Chinkawapatsa matama chinali kabokosi kofiira ka mamendulo asiliva khumi ndi awiri, omwe anaitanitsa kukampani ina ataona malonda ake m'magazini. Mendulo iliyonse inali ndi chithunzi cha sitima yapamadzi, ndipo m'kabokosimo munalinso satifiketi yachidindo yonena kuti anapanga ochepa okha padziko lonse.

Ukangoti ukasoketse zipi, tsiku lakuthera. Ankavala magolovesi oyera, n'kutsegula kabokosiko pang'onopang'ono ngati akudzutsa khanda.

"Usapumirepo," ankatero. "Mpweya wa mmphawi umadetsa siliva."

Lamlungu lililonse ankawapukuta, ndipo kulonjeza sankatopa nako. Ine, wometa tsitsi woyandikana nawo, anandilonjeza sitima yachitatu. Ndinadzamva kuti yomweyo analonjezanso mlamu wawo, abusa, ndi mayi wogulitsa ulusi.

Kenako maso a akazi awo anachita ng'ala, dokotala n'kuti pafunika opaleshoni. Atelala sanagwire n'komwe kuchibwano. Anavala suti, nanditenga kuti ndiwaperekeze kwa mmisiri wa mphete ndi ndolo kukagulitsa mamendulo aja. Ananyamulanso chisutikesi chopanda kanthu, choti tikanyamuliremo ndalama pobwerera.

Mmisiriyo anangokhuthulira mamendulo onse pasikelo, wayawaya.

"Mphwanga, sitima zanga ukuziyeza ngati misomali?"

"Ine ndimagula siliva, bambo. Sitima sindigula."

"Nanga satifiketiyi?"

"Pepala labwino ndithu. Musungeni."

"Werenga apa. Anapanga ochepa okha."

Mmisiri anakoka dirowa. Munali timabokosi tofiira titatu, tofanana ndendende ndi kawo.

"Ochepawo onse amathera kuno," anatero. Anayang'ananso sikelo, n'kukweza nsidze. "Komatu anuwa apepuka. Mumawapukuta?"

"Zaka makumi atatu, osaphonya sabata," anayankha monyadira.

"Ndiye siliva wina ali m'nsanza zanu."

Atelala anaweramira pafupi n'kunong'ona: "Nsanzazo umagula?"

Ndalama zonse zinakwana m'thumba la malaya. Za opaleshoni zinakwanira, koma zinathera pomwepo. Titangolowa mumsewu mwathu, Atelala anapendekera mbali imodzi, akukoka chisutikesi chija uku akubuula.

"Ndigwirize, mwana iwe, anthu akuona."

Tinachinyamula awiri mpaka pakhomo, thukuta labodza tikulipukuta, anthu akutipatsa njira mwaulemu. Mlamu uja anadzapempha kuti atsegule aoneko. Atelala anamuuza kuti ndalama zambiri zimadana ndi mphepo.

Tsiku lomasula mabandeji, akazi a Atelala anayang'ana uku ndi uku m'chipinda chochezera, amuna awo ataima patsogolo pawo, tsitsi ndawameta bwino, akudikira kuyamikiridwa.

"Abambo," anatero mayiwo, "makatani onyansawa anasoka ndani?"

Atelala anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili chuchuchu, ndipo sanaipukute.

Atelala anatisiya chaka chatha, atangodwala masiku anayi. Mashini awo anawavindikira ndi nsalu, ndipo mumsewu mwathu masana mwangoti zii. Mayi amakhala pakhonde m'mawa uliwonse, akulowetsa okha ulusi pasingano popanda magalasi. Dzana nditawapatsa moni, anandiyang'ana ndi maso awo owalawo.

"Anandigulira maso mnzakoyo," anatero, "koma woti ndizimuona palibe."