Asodzi Anga Avala Masuti

Lolemba
Alamu andibwereka foni yawo ya kamera yabwino, mpaka Lamulungu basi. Ndikujambula kanema wa moyo weniweni wa pa Chilwa: asodzi, akakowa, matemba pathandala, mabwato a injini. Mwini nyumba yoonetsera kanema pa Kachulu wavomera kuuonetsa Lamulungu masana. Ndalengeza kale paliponse. Nditchuka ine!

Lachiwiri
Ndafika padoko. Asodzi atangoona foni, onse balalabalala! Akubwerako atasamba, atadzola mafuta. A Namakhwa avala suti ya paukwati wawo, aima njo m'bwato, manja m'mbali. Ndikuti ponyani khoka, iwo akuti, "Iwe, suti imeneyi inunkhe nsomba?"

Lachitatu
Amayi oyanika matemba nawonso! Zitenje zatsopano, mipango kumutu, nsomba azibisa kuseri. "Tisaoneke ngati ovutika, mwanawe." Aima pamzere, ayamba kwaya. Akuimba bwino, koma sindinabwerere zimenezo.

Lachinayi
Anthu ndawasiya, mbalame sizivala suti. Ndabisala m'mabango, madzi m'chiuno. Zomwe ndapeza: udzudzu, misundu iwiri pamwendo, ndi kakowa mmodzi wondilozetsa kumbuyo. Akuti atole nsomba, batire yatha!

Lachisanu
Lero bwato la injini. Injiniyo yakana kulira. Mwini wake akuti, "Jambulani basi achimwene, phokosolo ndipanga ndi pakamwa." Wapangadi, mpaka malovu pakamera. Ndaseka, koma mtima uli m'malere.

Loweruka
Zatheka! Foni ndaibisa m'thumba la malaya, diso lake lili panja. Ababa akusoka ukonde pakhonde, kabudula wong'ambika, akung'ung'udza kanyimbo ka Chilomwe, nkhuku zikutola mamba pamapazi awo. Sakudziwa chilichonse. Ndaonera katatu. Sindinkadziwa kuti manja a ababa ndi okongola chonchi.

Lamulungu
Chimwemwe chandipusitsa, ndawaonetsa ababa. "Ufuna Kachulu yense aone matako anga? Fufuta!" Ndafufuta, misozi ili chapafupi.

Masana taonetsa zotsalazo. Nyumba yadzaza, nthungululu, ana akuloza azibambo awo. Kanema wa asodzi wopanda nsomba ngakhale imodzi, koma akuti tibwereze.

Alamu abwera kudzatenga foni. A Namakhwa awatsekereza pakhomo: "Chithunzi changa cha suti chija musachitaye, adzachiike pabokosi tsiku la maliro anga." Ena amva, nawonso akufuna zithunzi zotero.

Ababa ali m'nyumba, akuti alamu adikire pang'ono, akufunafuna tayi.