Kalata ya ku Dambwe

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe mwana amene anavinidwa. Izi ndazifotokoza kale kwa akulu a mpingo kawiri.

Ku koleji ndinaphunzirako za chilengedwe chaka ndi theka (kenako ine ndi kolejiyo tinasiyana mwaulemu). Choncho azakhali anga, omwe amaphunzitsa giredi sikisi ku Kabwata, atandipempha kuti ndiperekeze kalasi yawo ku dambo la kuseri kwa Chelstone, ndinavomera ngati pulofesa. Ndinkafuna anawo aone kuti dambo si dzala. Limasunga madzi a mvula n'kuwasefa, ndipo alipo anthu amene ntchito yawo ndi kuyeza madziwo ndi kuwerenga achule.

Panafunika kalata yopempha chilolezo kwa makolo. Ine ndinabadwira mu Lusaka, Chinyanja changa n'cha m'minibasi, koma ndinati ndilembe chakuya. Liwu loti "dambo" linandionekera lawamba, ndiye ndinatola lina lolemera lomwe ndinamvapo pamaliro ku Katete. Ndinalemba kuti Loweruka ana apita ku dambwe kukaona zilombo za kumeneko, ndipo ena adzaikonda ntchitoyi moyo wawo wonse.

(Kwa anzanga a m'tauni: dambwe ndi kumene a gule wamkulu amavalira, ndipo zilombo ndi iwowo.)

Palibe kholo linasaina. M'malo mwake kusukulu kunabwera a Tembo, mkulu wa mpingo, kalata yanga ili m'manja.

"Ba ticha," anatero kwa ine motsitsa mawu, "mdzukulu wanga ni wobatizidwa. Mufuna mukamuvinitse?"

Ahedi anagamula kuti makolo akapanda kusaina pofika Lachisanu, ulendo wafa.

Sindinagonje. Ndinayenda khomo ndi khomo, botolo la mbululu lili m'manja monga umboni wa zilombo zanga. Mayi wina anasaina atandilumbiritsa kuti kulibe ng'oma. A Tembo anavomera pomaliza, koma anati apita nawo.

Anabweradi, Baibulo lili m'khwapa. Posakhalitsa anali atapinda thalauzi, ali m'matope, akutchula mbalame iliyonse dzina ndi kuonetsa ana mmene bango limagwirira dothi. Ine pulofesa ndinawanyamulira nsapato. Mdzukulu wawo atanena kuti akadzakula adzakhala woyeza madzi, anayang'ana agogo ake, osati ine.

"Kalata ina mukalemba, muyambe mwabwela nayo kwa ine," a Tembo anandiuza m'basi.

Ndimaterodi. Koma ku Kabwata ana amandiitana kuti ba Chilombo, ndipo ndimavomera.