Bafa la Apongozi

Lolemba
Dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati tinalilakwira. Nyumba yathu ndi yomalizira mu komboni ya Linda, kuseri kwake ndi pulazi, munda waukulu wa eni ake, ndipo udzu wa m'menemo wauma gwa. Osaka mbewa ayamba kale kuzungulira ndi machesi m'thumba. Nkhawa yanga ndi bafa la udzu lomwe ndangomangira apongozi, amayi a mkazi wanga. Akufika Lamulungu kuchokera ku Katete, ndipo ndikufuna aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu. Pulani:
1. Kutchetcha udzu pakati pa ife ndi pulazi.
2. Kudzaza diramu madzi.
3. Kugona mtima uli m'malo.

Lachiwiri
Chikwakwa ndabwereka kwa aneba, a Mulenga. N'chobuntha, udzu chikungousisita. Matuza asanu! Komabe njira yoyera yaoneka, moto sungailumphe. Udzu wotchetchawo ndaunjika pafupi ndi bafa, poti ndi pomwe pali kamthunzi kopumirapo.

Lachitatu
Maulendo asanu ndi limodzi kumpopi, diramu ladzaza. Ndalembapo ndi khala: ZA MOTO, OSAKHUDZA. Ndikudzimva ngati bwana.

Lachinayi
Diramu lili mbee, mulibe ndi dontho lomwe. Pachingwe pali mabulangeti atatu, akudontha mokondwa. Mkazi wanga, amake Tiza, akuti: “Manje mufuna bamai bakagone mu vinthu va dothi? Moto wanu ukabwela muuuze uyembekeze.” Zolemba zanga nazonso azitsuka.

Lachisanu
Mpopi ukungotulutsa mphepo. Mulu wa udzu wakula wokha usiku umodzi, anthu ayesa ndatsegula dzala. Mulimo makatoni, matumba a makala, nsapato imodzi. A Mulenga aima, mikono kumbuyo: “Ba neba, apa mwaupangila moto bedi na pilo.” Zandiwawa chifukwa n'zoona. Mawa ndiutentha ndekha muluwo, monga timachitira kwathu, moto wa ena usanaupeze.

Loweruka
M'mawa wonse pamzere wa madzi, ndabwerako ndi ndowa imodzi. Ndikuyatsa masana. Kwathu timatentha m'mamawa, mu Juni, udzu ukadali ndi mame. Izi ndikuzikumbukira machesi atagwira kale. Mphepo yatembenuka. Ndowa yanga moto wangoimwa. Pozimitsa, a Mulenga ndi nthambi, amake Tiza ndi mchenga ndi mawu. Zatha: bafa, sopo, mswachi wanga. Zapulumuka: nyumba, nkhuku, ndi pulazi yonse, ngakhale kaudzu kamodzi sikanapse. Njira yanga ija yagwira ntchito bwino kwambiri, yateteza pulazi kwa ine.

Lamulungu
Apongozi afika, fumbi mpaka m'nsidze. Titangopatsana moni, chopempha choyamba ndi timadzi tosamba. Kuseri kwatsala mitengo inayi yakuda ndi mwala wopondapo. Amake Tiza akulunga mabulangeti atatu aja pamitengoyo, ayamba kale kuda ndi mwaye. Ine ndakhala kumaso kwa nyumba, ndayang'ana kumsewu monga ayenera mkamwini, koma makutu ali kuseri. Ndikumva apongozi akufunsa amene watentha. Mkazi wanga akuti: “Ni baja bosakila mbeba.” Apongozi akuti anthu otere alibe nzeru ngakhale pang'ono, ndipo akazi awo ndi omvetsa chisoni. Mkazi wanga sakutsutsa. Manyazi andigwira mpaka kumapazi. Chikwakwa ndibweza mawa.