Tsiku Limene a Kwerani Analonjeza Kusaima

Malemu a Lackson Chimphamba anali ndi matenda amodzi amene zipatala zonse za ku Leicester zikanawalephera: sankatha kudutsa munthu woima m'mbali mwa msewu. Phazi linkapita lokha pa buleki, galasi n'kutsika, kenaka mawu aja amene anawapatsa dzina: "Kwerani!" Mpaka lero mukafunsa za a Chimphamba, Amalawi a kuno amayang'anana. Mukati a Kwerani, ngakhale ana obadwira konkuno, amene Chichewa amangochimva osachiyankha, amayamba kuseka.

Matendawa anachoka nawo kumudzi. Asanabwere kuno ankayendetsa matola pakati pa Dedza ndi Golomoti, kutsika ndi kukwera Khwekhwelere ndi pikapu yodzaza anthu, mbatatesi, njinga, nthawi zina ndi mbuzi yomwe. Akazi awo, mayi Felista, atapeza ntchito ya unamwino n'kuwaitanitsa, ankayesa kuti za matolazo zatsala ku Golomoti. Kunali kudzinamiza, zinakwera nawo ndege yomweyo.

Atangogula galimoto anaima pa siteji ya basi ku Wigston, pomwe gogo wina wachizungu ankanyowa ndi mvula, n'kumukodola. Gogoyo anakumbatira chikwama chake, n'kukuwa mpaka agalu a m'deralo anamuthandiza. Apolisi anafika kunyumba tsiku lomwelo.

"Bambo a Melissa, kuno si ku Dedza," anatero mayi Felista apolisi atapita. "Munthu akaima pamsewu amadikira basi, sadikira inu."

"Nanga basiyo ikapanda kubwera?"

"Imabwera!"

"Inali kuti? Ine ndinafika, iyo kunalibe."

Popita ku ukwati wina ku Normanton ananyamuka banja lokha, koma anakafika galimoto ili thothotho ndi anthu osawadziwa, mmodzi wa iwo mnyamata wa ku Poland amene anavina kuposa abale a mkwati. Mayi Felista, atatopa ndi kuchedwa ku shifiti, anayamba kukwera basi. Sizinathandize. Ankangoima pa siteji, galimoto ya amuna awo n'kutulukira, galasi n'kutsika.

Ntchito a Lackson anaipeza pa galaji ya a Munaf, mmwenye wobadwira ku Limbe amene Chichewa chake chinali chisanachite dzimbiri. Kuseri kwa galajiyo kunkakhala chuma cha mtima wa a Munaf: pikapu ya mpikisano, yofiira, yogona pansi, imene mwana wawo Danish ankathamangitsa pa bwalo lalikulu lozungulira cha ku Corby. Tsiku loyamba a Lackson anaizungulira kawiri, nkhope ili yachisoni. Mpando unali umodzi, zitseko zosatseguka, kumbuyo kovindikira.

"A Munaf, anthu amakhala pati?"

"Siyonyamula anthu iyi, achimwene. Ndi yothamanga."

"Kuthamangira kuti?"

"Imazungulira bwalo."

"Ikazungulira imafika kuti?"

"Pomwe inayambira."

A Lackson anagwira pakamwa. Anati m'moyo wawo wonse anali asanaone kuwononga pikapu kotere. Koma munthu wa chiwongolero ndi wa chiwongolero. Danish atawalola kuiyesa tsiku lina lokonzekera, anatuluka akuseka okha, ndipo pasanapite nthawi anali atatenga chilolezo chothamangira. Ndiye chaka china, mpikisano wotsegulira nyengo uli pafupi, Danish anathyoka dzanja pa masewera a kiriketi. A Munaf anayang'ana pikapu yawo, n'kuyang'ana a Lackson.

Mayi Felista atamva, tiyi anawazizirira m'kapu. Liwiro sankaliopa. Munthu amene watsika Khwekhwelere mabuleki akununkha sangaopsedwe ndi msewu wosalala. Iwo ankaopa buleki. Anali atapitako ku bwalolo kamodzi, n'kuona mapikapu akuthamanga mothinana, mphuno ya ina ili pa msana wa inzake, khoma la konkire lili pambali. Pamenepo munthu akangoponda buleki pamene anzake sakuyembekeza, amene ali kumbuyo amamulowa yense. Ndipo mayi Felista, pokhala namwino, ankadziwa mmene munthu wotero amafikira kuchipatala.

M'mawa wa tsikulo anawagwira malaya pakhomo.

"Ndilonjezeni chinthu chimodzi. Lero musaime."

"Ndiimirenji, amake Melissa? Kulibe siteji kumeneko."

"Sindikuseka. Kaya muone mwana, kaya muone m'busa, kaya muone ine amene, musaime. Pali anthu olembedwa ntchito yotola ovulala. Melissa akufuna bambo."

A Lackson anaona kuti maso a akazi awo afiira. Anavula chipewa, n'kulonjeza.

Kubwaloko kunali mphepo ija ya kumayambiriro kwa chaka, yolowa mpaka m'mafupa. Amalawi a ku Leicester anabwera ochuluka ndithu, ena atachoka kuntchito osagona, atafunda zitenje pamwamba pa majekete. Mayi Felista anakhala pakati pa Melissa ndi a Munaf. Melissa, mtsikana wa kusekondale, ankajambula pa foni. A Munaf ankatafuna chala.

Mbendera yobiriwira itagwa, phokoso linagwedeza mipando. Mapikapu anadutsa pansi pawo ali mulu umodzi, n'kupendekera kumanzere pa gulaye, khoma likuwapala. Yofiira ija inali pakati penipeni. Mayi Felista anayesa kupemphera koma mawu ankathera pa "Ambuye."

Ndipo a Kwerani ankayendetsa, anthu inu! Pomwe ena ankaona khoma, iwo ankaona mpata. Ankalowa pakati pa awiri monga ankalowera pakati pa lole ndi phompho, osakhudza aliyense. Anapitirira mmodzi, kenaka wina, kenaka awiri pakamodzi. Wolengeza pa chimkuzamawu analimbana ndi dzina loti Chimphamba mpaka anagonja, n'kumangotchula nambala. Amalawi anaimirira, amayi akulululutira, azungu oyandikana nawo akudabwa kuti phokoso latsopanoli likuchokera mu injini iti.

Mpikisano ukupita kumapeto, yofiira inali yachiwiri. A Munaf anali atasiya Chingerezi, akukuwa m'Chichewa chokhachokha: "Ponda moto, achimwene! Ponda moto!"

Mayi Felista okha ndi amene sankayang'ana yofiira. Maso awo ankayenda m'mbali mwa msewu, kufunafuna chinthu chimene ankapempha kuti chisapezeke. Ndipo chinapezeka.

Pa gulaye wakutali, pikapu yabuluu imene inatsalira m'mbuyo inaterereka, n'kumenya khoma, n'kuzungulira, n'kutsetserekera m'munsi, m'mphepete mwa kapinga. Utsi unafuka. Woyendetsa wake, mzungu wamtali, anatulukira pawindo, anayenda pang'ono akutsimphina, n'kugwada pansi m'mbali mwenimweni mwa msewu. Othandiza anali kutali, akuthamanga ndi zozimitsira moto. Mbendera zachikasu zochenjeza zinayamba kuweyula, koma mulu wa mapikapu unali utalowa kale m'njira yolunjika pamalopo, liwiro likadali lonse.

"Asamuone," ananong'ona mayi Felista. "Ambuye, atsekeni maso."

"Mum, he promised," anatero Melissa.

Yotsogola inadutsa munthu uja. Yofiira inafika, ndipo inadutsanso. Mayi Felista anatulutsa mpweya umene anausunga kuyambira m'mawa. Koma asanamalize kuutulutsa, anaona utsi woyera ukutuluka ku matayala a yofiira.

Bwalo lonse linakuwa. Pikapu imene inali kumbuyo kwawo inakhotera kumtunda mwadzidzidzi, n'kupala khoma, moto uli thethethe. Ina inadutsa kumunsi, kapinga akuuluka. Yachitatu inabwera molunjika, matayala akulira, ikukula, ikukula, ndipo mayi Felista anatseka maso, n'kukumbatira mutu wa Melissa kuti asaone. Anadikira phokoso lija limene ankalidziwa kuti likubwera. M'mutu mwawo munadutsa zinthu zopanda pake: kuti malaya oyera a amuna awo sanasitidwe, kuti m'mawa sanawapatse moni wabwino.

Phokosolo silinabwere. Chimene anamva chinali chete, kenaka munthu wina kumbuyo kwawo anayamba kuseka.

Atatsegula maso anaona mapikapu onse atapitirira, palibe yomwe yagunda inzake. Yofiira inali itatsikira m'mphepete, ndipo ikubwerera chambuyo pang'onopang'ono, monga imachitira matola ikapitirira munthu wa katundu. Inaima pafupi ndi wogwada uja. Dzanja linatuluka pawindo, n'kumenya pachitseko kawiri. Mawuwo sanamveke kumipando, koma panalibe Mmalawi amene anafunika kuuzidwa.

Mzungu uja, mutu usanakhazikike, anachita zimene anauzidwa. Anakwera kumbuyo, n'kugona chafufumimba pa chivindikiro, atagwira m'mbali. Othandiza anafika akupuma wefuwefu, n'kupeza wodwala wawo akunyamuka. Mbendera yofiira inatuluka, mpikisano unaimitsidwa, ndipo a Kwerani anayenda mwaulemu mpaka pakhomo pa kachipatala ka pabwalopo, khamu lonse litaimirira.

A Munaf anakhala pansi atagwira mutu. "Pikapu yanga," anatero, "yanyamula pasenjala."

Akuluakulu a mpikisano sanaseke nawo. Anawalanda chilolezo tsiku lomwelo, n'kuwauza kuti akanapha anthu, ndipo sankanama. A Lackson anavomera zonse ataweramitsa mutu. Koma mlandu weniweni unkawadikira kuseri kwa magalaji, pomwe mayi Felista anaima manja ali m'chiuno.

"Munalonjeza."

"Ndinalonjeza."

"Munavula chipewa, Lackson!"

Aka kanali koyamba kuwatchula dzina pagulu, ndipo Danish ndi bambo ake anapeza chochita kwina.

"Ndinayesa, amake Melissa. Simunaone? Ndinamudutsa. Koma ndinamuona pagalasi loonera kumbuyo akucheperachepera." Anatembenuza chisoti m'manja. "Tsiku lija ndinakuonani koyamba pa Masasa, mvula ikugwa, inu muli ndi sutikesi pamutu, galimoto inali yodzaza. Kondakitala anati tipitirire. Ndinakudutsaninso. Ndinakuonerani pagalasi."

Mayi Felista anafuna kuyankha, ndipo mawu anali nawo ambiri, akuthwa bwino. Koma anangokhala pa tayala lakutha n'kulira, akuwamenya amuna awo pa bondo ndi chikwama. Sanawalankhule mpaka Lachitatu.

A Kwerani sanathamangenso. Bwalo lija nalo linadzatsekedwa, ndipo iwo ankati n'zosadabwitsa, msewu wosafika kulikonse sungakhalitse. Anakhala zaka zina zingapo akuchedwetsa anthu ku maukwati ndi kutchalitchi. Imfa imene akazi awo ankaiopa pa khoma la konkire inadzawapeza pabedi, m'chipatala chomwe mayi Felista ankagwira ntchito, itayamba ngati chifuwa wamba.

Pamaliro tchalitchi chinachepa. Amalawi tinalipo, a ku Zambia analipo, a Munaf anabwera ndi banja lonse. Koma kumbuyo kunadzaza anthu amene palibe ankawadziwa: osamalira okalamba ovala yunifolomu, ophunzira a ku Oadby, mnyamata wa ku Poland uja ali ndi mkazi ndi ana. Panalinso mzungu wina wamtali wotsimphina pang'ono, amene anagwira dzanja la mayi Felista. Melissa ankafunsa aliyense kuti bambo ake anawadziwa bwanji, ndipo yankho linali limodzi: anandiimira.

Masiku ano misewu ya ku Wigston ikuyenda mwadongosolo. Palibe galimoto yoima pamalo oletsedwa, palibe wokuwa pa siteji, ndipo anthu akufika ku maukwati nthawi yake, ali okhaokha. Mvula ikamagwa, munthu amaima m'mbali mwa msewu, magalimoto n'kumadutsa magalasi ali otseka, aliyense akuyang'ana kutsogolo. Kale sitinkaziona zimenezi. Tsopano zimapweteka.

Mayi Felista anaphunzira kuyendetsa amuna awo atamwalira, poti galimoto inkangokhala pakhomo. Amayendetsa mosamala, manja onse pa chiwongolero, ndipo analumbira kuti za misala ija iwo ayi. M'mawa wina wachisanu, akuchokera ku shifiti ndi Melissa, anadutsa mtsikana wina ataima pa siteji, wopanda ambulera, atakumbatira chikwama pachifuwa. Anamudutsa bwinobwino. Kenaka anayang'ana pagalasi.

"Mum," anatero Melissa. "Mum, don't."

Galimoto inali itaima kale. Mayi Felista anakhala kanthawi atagwira chiwongolero, misozi ikutsika, akupukusa mutu ngati munthu amene wagonja pa mkangano wa zaka zambiri. Kenaka anabwerera chambuyo pang'onopang'ono, n'kutsitsa galasi.

Koma woitana sanali iwo. Anali Melissa, mwana uja amene sanayankhepo m'Chichewa chibadwire, amene anasuzumira pawindo n'kunena, lilime likupunthwa pang'ono:

"Kwerani."