Timiyala ta a Mbewe

Lolemba

Sinowo wagwa usiku wonse. Ndili ndekha m'nyumba ya a Mbewe, malume ake a Tadala, m'kamudzi ka kuseri kwa Loughborough, kuno ku Mangalande. Eni nyumba ali ku Zomba kukaona mayi awo, abwera Loweruka. Lamlungu tikhala pansi kukamba za chinkhoswe changa ndi Tadala, ndipo nkhoswe ya kuchikazi ndi a Mbewe omwewo.

Andisiyira makiyi, mphaka ndi mawu amodzi: "Mundisamalire msewu wanga."

Msewu wake ndi kanjira ka galimoto kochoka pageti kukafika pagalaja, kothiridwa timiyala toyera. Zithunzi zake amatumiza pagulu la banja la pafoni kuposa za ana awo. Pano kakwiririka konse. Pulani yanga: akamafika apeze ndayeretsa, adziwe kuti mwana wa mlongo wawo wapeza mwamuna wa manja ake.

Lachiwiri

Fosholo kuyambira m'mawa. Ndangofika pamene pali bini. Msana ukulira.

Keith, mlimi wachikulire wa kuseri kwa mpanda, wandimvera chisoni. Amanditcha bakha wake, akuti ndiko kuitanirana kwachikondi kwa kuno. Kuno aliyense ndi bakha, ndi wapolisi yemwe. Wandibwereka kathirakitala kofiira kokhala ndi chimakina kutsogolo, chomwe chimameza sinowo n'kumulavulira kutali. Akulongosola, akuloza tizitsulo ta m'mbali mwa chimakinacho, tooneka ngati timasilipasi. Chizungu chake chimatulukira m'mphuno. Ine ndikungogwedeza mutu. Mawa akupita kwa mwana wake ku Nottingham.

Ndinayendetsapo thirakitala? Ayi. Koma ndinakulira pafupi ndi esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndinkawaona tsiku lililonse.

Lachitatu

Chikugwira ntchito! Sinowo akuuluka ngati ufa pachigayo. Ndikuimba, ndikuwongolera ndi dzanja limodzi. Ndatumizira Tadala kavidiyo. Yankho lake: "Nanga phokoso ngati mbuliwuli zikuphulikalo n'la chiyani?"

Ndi timiyala. Chimakina chikukokolola pansi penipeni, sichisankha.

Zomwe zaombedwa:
- zenera la galaja, mng'alu kuchoka pamwamba mpaka pansi
- chitseko cha galimoto ya mayi Mbewe, ngati chadwala chikuku
- nyali ya pageti, malemu
- mphaka sanaombedwe, koma wasamukira pansi pa bedi

Kani timasilipasi tija ndi tokwezera chimakina kuti chisakhudze pansi. Ndiye zomwe bakha mnzanga ankanena.

Lachinayi

Ndakweza. Mwina ndanyanya. Chimakina chikungometa pamwamba, matayala akupondereza sinowo wotsalayo. Pofika masana msewu wonse wasanduka galasi.

Wapositi wagwa chagada, makalata m'mwamba. Ndathamanga kukamudzutsa, ndagwera pambali pake. Wanena mawu achizungu omwe kusukulu sanatiphunzitse.

Tadala pafoni akuti ndibweze thirakitala ya eni ake zinthu zisanafike poipa. Ndikumuuza kuti ndatsala pang'ono. Akuti n'zomwe zikumuopsa.

Lachisanu

Thirakitala ikuterereka, ndiye ndamanga matcheni kumatayala. Ndawapeza m'shedi ya Keith. Tsopano ikugwira pansi. Ikugwira mopitirira! Potembenuka pageti yakumba mizere yakuya, ndipo yavundukula chinsalu chakuda chomwe amayala pansi pa timiyala. Sindinkadziwa kuti msewu umavala zamkati. Chinsalucho chakulungika m'chimakina, injini yatsokomola n'kuzima.

Tadala wabwera pasitima kuchokera ku Leicester atangoweruka. Waima pageti nthawi yaitali, manja m'chiuno.

"Mwalima bwino," akutero. "Tidzala chimanga kapena mbatata?"

Kenako wavala magolovesi, tikuthandizana kudula chinsalu ndi mpeni wa buledi. Iye akuseka mpaka misozi. Ine kuseka kukukanika. Mayi ake sachita kanthu popanda mlongo wawo. A Mbewe akangoti ayi, basi ndi ayi.

Loweruka

Mvula. Yangobwera yokha, ndipo pofika masana sinowo yense wasungunuka. Kwa anansi onse amene anangokhala m'nyumba n'kumamwa tiyi, misewu ili bwinobwino. Kwathu kuno zonse zili pambalambanda: timiyala pakapinga, m'maluwa, padenga la galaja. Pamsewu patsala matope ndi mizere.

Woyendetsa takisi wakana kulowa. A Mbewe ndi mayi atsikira pageti. Ndathamangira masutikesi, andikaniza, anyamula okha. Akulumpha mizere mmodzi kutsogolo wina kumbuyo. Ndawapatsa moni ndi manja awiri, bondo pang'ono kufika pansi. Ayang'ana nyali, ayang'ana zenera, ayang'ana ine. Afunsa za mphaka basi.

Bola akanakalipa.

Lamlungu

Akuluakulu afika, a kwathu ochokera ku Highfields ku Leicester nawonso. Magalimoto onse aimika kunja kwa geti. Ndavala suti, ndakhala pakona, maso pakapeti.

A Mbewe akulankhula modekha, za ulemu, za kupirira m'banja. Atenga nthawi. Kenako akuloza pazenera.

"Mnyamatayu ndi wakhama, umboni wake mwaulumpha nokha polowa. Mwana timupatsa. Koma kwathu mkamwini amayamba wagwira ntchito pakhomo pa apongozi."

Anthu awomba m'manja. Mayi Mbewe anditulutsira ndowa.

Ndili pakapinga tsopano, thalauzi ndapinda, ndikutola kamwala kamodzikamodzi. Zala zachita dzanzi. M'nyumba mukumveka nthungululu, ndiye kuti tsiku la chinkhoswe changa agwirizana. Akuti andiuza ndikadzaza ndowa.